Magazi a mwana wanga akuti ena apita kunja, ndisaine?

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala.

Mwana wanga wa zaka 3 wagonekedwa ndi malungo. Dzulo anamwino a kafukufuku anandipempha kuti mwanayu alowe nawo. Akuti azimutenga magazi pang'ono, ena n'kuwatumiza ku labu ya kunja poti makina ake kuno kulibe. Pa fomu palinso kabokosi kofunsa ngati ndikulola kuti otsala asungidwe, adzagwiritsidwe ntchito pa kafukufuku wina.

Kabokosi kameneka ndi kamene kandiimitsa mutu. Apongozi anga kwawo ndi ku Mulanje, chipwirikiti cha anamapopa cha mu 2017 anachiona ndi maso, ndiye atangomva za magazi kukwera ndege anati ndisayerekeze. Ine mphekesera zijazi sindizikhulupirira, koma ndasowa chowayankha. Magaziwo amayenda bwanji? Dzina la mwana limakhalapo? Nanga ndikakana, amusiya osamupatsa mankhwala?

Mayankho

Wa mu labu: Pepani ndi matenda, mayi. Pa kabotolo timamata nambala, osati dzina. Magazi timawazunguza pa makina kuti tipatule plasma (gawo lamadzimadzi la magazi), n'kuumitsa mufiriji yozizira kwambiri ya madigiri -80. Potumiza timakuta katatu: kabotolo kotseka bwino, chotengera china chosadontha chokhala ndi zoyamwa madzi, kenako bokosi lolimba lolembedwa UN3373, m'kati muli dry ice (mpweya woundana wozizira kwambiri) kuti zisasungunuke panjira. Bokosilo silituluka m'dziko popanda pangano lotchedwa Material Transfer Agreement, lonena komwe likupita ndi ntchito yake. Komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC, imayenera kuvomereza kaye.

Namwino: Mankhwala a malungo ndi ufulu wa mwana, musaine kapena musasaine. M'makafukufuku ambiri mutha kulowa koma kabokosiko n'kuchonga kuti ayi, ndipo mukasintha maganizo pakati mumaloledwa kutuluka. Pemphani fomu ya Chichewa, mupite nayo kunyumba. Pamakhala nambala ya foni ya komiti ija.

Mayi wina: Ine ndinatenga apongozi anga n'kupita nawo kwa anamwinowo, anakadzifunsira okha. Musasaine bambo a mwana asanamve, zimadzavuta m'nyumba.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndibwera nawo apongozi nthawi yoona odwala. A mu labu, funso lina: ndikalola lero n'kudzasintha maganizo magazi atafika kale kunjako, ndingathe kupempha kuti awatayidwe?