Ndiike mafakitale ati pa njanji yanga ya HO?

Mkanjanji:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikumanga kanjanji ka sitima zazing'ono zoseweretsa pa thabwa la mamita 2.4 m'litali ndi masentimita 40 m'lifupi, sikelo ya HO (1:87, kutanthauza kuti zonse ndi zochepa ka 87 poyerekeza ndi zenizeni). Ndikufuna pazioneka ngati Kanengo kapena Limbe. M'mutu muli mgodi wa malasha, depoti ya mafuta, fakitale ya fodya ndi shedi ya feteleza. Zonsezi zingakwane? Ngati ayi, ndisiye chiti?

Che Shanta:
Malasha muwasiye. Sitima zochoka ku Moatize kupita ku Nacala, zodzera pa Nkaya ndi Nayuchi zija, zimakoka mabogi oposa 100. Bogi limodzi mu HO ndi pafupifupi masentimita 15, ndiye sitimayo ingafune mamita 15. Komanso imangodutsa osatula kanthu, inu nkusowa chochita.

Musayambe ndi kusankha nyumba. Yambani mwawerenga malo oimikapo mabogi, chifukwa ntchito ya pathabwa ili pamenepo. Kanjanji ka mabogi 3 kamafuna masentimita 45, kuwonjezapo ena 10 kuti bogi lomalizira lisakhulane ndi sitima yodutsa pambali. Point (mphambano yopatukira njanji) imodzi ya kampani ya Peco, ya saizi ya medium, imadya pafupifupi masentimita 22. Pathabwa lanu pangakwane bwino tinjanji titatu: ka mabogi 5, ka 3, ndi kena ka 3, monga mwa pulani ija amati Inglenook. Kumbuyo kwa ma point siyani masentimita 65 okokerako mutu wa sitima ndi mabogi 3. Mukachepetsa pamenepa, muzidzanyamula mabogi pamanja.

Tinjanji tonse tiloze mbali imodzi. Kamodzi kakaloza kwina, mutu wa sitima umatsekeredwa mkati ndi mabogi ake omwe, ndipo pamafunika njira yozungulira ya ma point ena awiri. Malo amenewo mulibe.

Nachisale wa N:
Ndikugwirizana ndi Che Shanta, koma pa zitatu zotsalazo ine fodya ndingamuchotsenso pagulu la nyumba zazikulu. Fakitale ya fodya ndi chimpanda chachikulu, chosakwana pa masentimita 40. Mangani khoma lakutsogolo lokha, lokhuthala masentimita 3 kapena 4, muligundike kumbuyo kwa thabwa, muboole zitseko zitatu motalikirana masentimita 15 kuti bogi lililonse liime pakhomo pake. Khoma lomwelo lingakhale shedi ya feteleza. Feteleza amabwera mvula isanagwe, fodya amatuluka msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, choncho mumangosintha mabogi malinga ndi nyengo imene mukusewera.

Kanjanji kakutsogolo musamangepo chilichonse. Ikani bwalo la dothi, kampata kokwerera lole, ndi timatumba tingapo tosanjikiza. Pamalo otere pamatsika katundu wa aliyense, kaya simenti, kaya kontena, kaya matabwa, ndiye bogi lililonse lomwe mungalipeze pamsika lili ndi chifukwa chofikira pamenepo. Komanso dzanja lanu limafika pa makapula (zokolera mabogi) popanda kugwetsa denga.

Bambo a Thanki:
Depoti ya mafuta musaisiye, ndi yosavuta kuposa zonsezi. Dulani paipi ya PVC ya mamilimita 110, kutalika masentimita 10, mutseke pamwamba ndi pulasitiki yopyapyala, mupente yoyera. Mu HO limenelo ndi thanki la mamita pafupifupi 9.5 m'mimba mwake. Awiri akwana, lachitatu lidulidwe pakati chotsika ndi kulimata kukhoma lakumbuyo. Zungulizani kakhoma kafupi kotchinga mafuta akatayika, chifukwa popanda kameneka aliyense wodziwa depoti aona kuti pasowa kanthu. Mapaipi opangeni ndi waya wa mamilimita 1.5.

Chenjerani ndi ziwiri. Pomwe mabogi amaima pakhale powongoka, chifukwa makapula a kampani ya Kadee sakolana bwino pokhota, ndipo maginito omasulira makapulawo sagwira ntchito pamenepo. Thabwanso muliyeze ndi levulo musanakhome njanji. Likangopendekeka pang'ono, mabogi a mawilo achitsulo amatsetsereka okha mpaka pa point.

Che Shanta:
Chinanso, achimwene, njanji yathu yeniyeni ya ku Malawi ndi ya mamilimita 1,067 m'lifupi, pamene njanji wamba ya HO, ya mamilimita 16.5, imaimira ya 1,435. Yolondola kwa ife ndi ya mamilimita 12, koma mabogi ake ndi osowa ndipo ambiri mudzachita kupanga nokha. Gamulani zimenezi musanagule point ngakhale imodzi.