Apolisi ofufuza milandu amene sasowa pa TV

Wofunsa: Abale, bwanji pa pulogalamu ya ku America ya The First 48, yosonyeza apolisi akufufuza milandu yakupha, timangoona apolisi omweomwewo?

Yankho 1: Ojambula amayamba agwirizana ndi polisi ya mzinda, monga Tulsa, kenako amakhala ndi gulu limodzi lofufuza zakupha kwa zaka. Lamya ikalira usiku, kamera imatsata amene ali pa ntchito.

Yankho 2: Pa mapulogalamu ena pamakhala apolisi opuma ntchito, achimwene. Joe Kenda, yemwe anali wapolisi wofufuza milandu mumzinda wa Colorado Springs, ankasimba milandu yake yakale pa pulogalamu ya Homicide Hunter kuyambira 2011. Poti milanduyo inatha kale, ankalankhula momasuka.

Yankho 3: Chovuta ndi mlandu umene sunathe. Mboni ikazindikirika, ngakhale ndi mawu okha, imaopa kupita kukhoti. Woganiziridwa akamasulidwa, anansi amamulozabe chala. Komanso mafunso a maola ambiri amawadula n'kusiya mphindi zochepa, owonera n'kumati kuvomera mlandu n'kwapafupi.