Wojambula wa ku Iprari uja wadziwika

Ndinafunsa kuti ndani anajambula zithunzi za pakhoma m'katchalitchi ka m'mudzi wa Iprari, kumapiri a Svaneti ku Georgia. Yankho linali pakhoma pomwepo. Malemba akale a m'katchalitchimo amatchula Tevdore, wojambula wa mfumu, ndi chaka cha 1096, nthawi ya Mfumu David IV.

Tevdore yemweyu ndiye anajambulanso m'matchalitchi ena a ku Svaneti komweko: ku Lagurka, kenako ku Nakipari mu 1130. Matchalitchiwa ndi a chipinda chimodzi, omangidwa ndi miyala, mazenera ake ang'onoang'ono. Ine za ku Nakipari ndiye zandigwira mtima kwambiri. Pachithunzi cha kumeneko, George Woyera wakwera hatchi, koma mkondo wake sukulasa chinjoka ayi, ukulasa Diocletian, mfumu ya Roma imene inkazunza Akhristu.