Mng'ono wanga amupeza ndi BPD, tiyambire pati kuno ku Harare?

Naphiri, Mufakose: Abale, adokotala akuti mng'ono wanga wa zaka 24 ali ndi borderline personality disorder (BPD), vuto la maganizo limene munthu amavutika kuugwira mtima. Amadzicheka pamikono ndi lezala. M'mawa amakukonda, pofika madzulo wasanduka mdani wake. Mankhwala ake ndi ati? Tilowere kuti?

Mayi Nabanda, Highfield: Pepani achemwali. Piritsi lochiza vutoli palibe. Chimene chimathandiza ndi kuphunzira luso lougwira mtima, makamaka njira ya uphungu yotchedwa DBT (Dialectical Behaviour Therapy) imene anakonza Marsha Linehan ku America. Mlungu uliwonse wodwala amaonana yekha ndi katswiri, n'kukhalanso pagulu pafupifupi maola awiri. Maphunziro a pagulu amatenga milungu 24, ndipo kawirikawiri amawabwereza kuti chikwane chaka. Katswiri aliyense amene mumupeze mumufunse mosabisa ngati anaphunzira DBT. Chimene chimaononga zinthu nthawi zambiri ndi ichi: akasemphana pang'ono ndi katswiriyo, wodwala amaona ngati wakanidwa, basi n'kusiya. Mugwirizane pa tsiku loyamba kuti akakwiya azipitabe, akanene mkwiyowo komweko. Ambiri amapeza bwino zaka zikamapita, musataye mtima.

Bambo Mwale, Mbare: Yambirani pa kiliniki ya khonsolo akulembereni kalata. Madokotala a matenda a maganizo ali ku Annex ya chipatala cha Parirenyatwa ndi ku chipatala cha Sally Mugabe, kumene tinazolowera kuti ku Gomo. Agogo a Friendship Bench, imene anayambitsa Dixon Chibanda, amapereka uphungu atakhala pa benchi, amathandiza pa kufungisisa (kuganiza mopitirira muyeso) ndipo salipiritsa, koma BPD paokha sangaithe. Inuyo osamalira wodwala mungapepukidwe mutakhala nawo pa benchipo.

Mayi Nabanda: Ndiwonjezere za mapiritsi, chifukwa apa mpamene pamagona ngozi. Anthu amasokoneza BPD ndi bipolar, matenda ena a maganizo amene munthu nthawi zina amasangalala mopitirira muyeso, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri. Wa bipolar amasintha kwa masiku kapena milungu, pamene wa BPD amasintha m'maola ochepa, kawirikawiri akaopa kusiyidwa. Akampatsa amitriptyline, sungani ndinu, chifukwa ukamwa wambiri umaimitsa mtima. Diazepam asapitirire mlungu umodzi, amazolowereka ndipo amachepetsa kudziletsa. Sodium valproate amavulaza mwana m'mimba, choncho mtsikana wa msinkhu umenewu akambirane bwino ndi adokotala. Zimene akumwa kale asasiye mwadzidzidzi.

Achimwene Zulu, Dzivarasekwa: Lero lomwe chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi opopera ndiwo zamasamba, mapiritsi mukiyire. Mtima ukamuwira, thirani madzi ozizira kwambiri m'beseni, aviike nkhope atagwira mpweya masekondi 20 kapena 30. Mtima umatsika kugunda. Amene ali ndi matenda a mtima asayese zimenezi. Musamuuze kuti "ukungofuna tikuone", ndipo musamukalipire pamene mukutsuka balalo. Nenani kuti "ndaona kuti zakupweteka", zokambirana zidikire mawa. Mumufunse poyera ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumuika maganizowo. Akati inde ndipo wakonza kale njira, kapena wamwa chinachake, musamusiye yekha ndipo musamusanzitse. Thamangirani naye ku casualty (kumene amalandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala) usiku womwewo, botolo la chimene wamwacho lili m'manja.