Agogo ayamba kuiwalaiwala, owasamala amamwa kachasu: nditani?

A Admin ndibiseni dzina. Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru.

Ine ndili ku Lilongwe, agogo anga obereka mayi ali kumudzi ku Ntcheu. Zaka zapitirira 80, agogo aamuna anatisiya kalekale. Pakhomo akukhala ndi amalume, amene anabwerera ukwati utatha kuchikamwini. Amalumewo sagwira ntchito, amamwa kachasu, ndipo ndalama za Mtukula Pakhomo ndi zomwe timatumiza pafoni zimafikira m'manja mwawo, poti agogo maso anafooka.

Nditapita mwezi watha ndinawapeza masana akudya mkute wopanda ndiwo, mkono uli wotupa. Akuti anagwa pochokera kumjigo, chonsecho kutunga madzi anasiya kale. Amalume akangolowa, agogo amangoti zii. Usiku amawatsekera chitseko kunja.

Chondisowetsa tulo kwambiri ndi ichi: agogo amanditchula dzina la malemu mayi anga, ndipo nthawi zina amadzuka usiku n'kumati akupita kumunda. Tsiku lina anapezeka pakhonde la eni mbandakucha. Pakhomo pomwepo mwana wamwalira posachedwa, ndiye anthu ayamba kunong'onezana za ufiti. Ndikakumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 mphenzi itapha mtsikana, mtima suli m'malo.

Ndiwatenge kutauni, ngakhale akukana kusiya dimba lawo? Ndiyambire kwa amfumu kapena kupolisi? Amalume ndiwauze bwanji osayambitsa nkhondo pabanja?

Yankho loyamba: Achemwali, ine ndine namwino. Zomwe mukufotokozazo zikufanana ndi matenda a ubongo otchedwa dementia, si ufiti ayi. Apititseni kuchipatala cha boma, adokotala aone mkonowo, alembe zonse m'buku lawo la kuchipatala, mukawaonetse amfumu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 6 alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo okhala m'makomo, pafupifupi mmodzi amachitiridwa nkhanza pachaka. Chiopsezo chimakula wokalamba akamaiwala, akakhala wopanda omuyendera, komanso womusamala akakhala womwa mowa ndi wodalira ndalama za wokalambayo. Kwanuko zonsezi zakumana pakhomo limodzi. Musachedwe.

Yankho lachiwiri: Mayi, kunenera munthu ufiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Kupolisi funsani Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kwa DC kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. A MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za okalamba, nawonso amatsata nkhani zotere. Koma amfumu musawadumphe, ndiwo angaletse mphekeserazo zisanafike patali.

Yankho lachitatu: Ife amayi tinawatengera ku Blantyre, kusokonezeka kunachita kunyanya chifukwa malo anali achilendo. Tinawabwezera kumudzi, n'kupeza mayi wa mumpingo woti azigona nawo, timamulipira pamwezi. Ndalama lekani kutumiza kwa amalume, muzigula ufa, sopo ndi ndiwo kudzera mwa munthu wina. Komanso kusamala wodwala wotere wekhawekha n'kotopetsa, itanitsani mkumano wa banja mugawane masiku.

Mwini funso: Zikomo nonse. Loweruka ndikupita, ndiyambira kuchipatala. Koma pamkumanowo mwinimbumba ndi amalume omwewo. Amene munakumanapo ndi zotere, munaitana ndani kuti atsogolere zokambirana?