Kodi agogo ankadziwa bwanji za Napolo wa ku Soche?

Nachisale wa ku Chilobwe:
Abale, ndithandizeni. Agogo anga aakazi ankatiletsa kumanga pafupi ndi khwawa lotsika m'phiri la Soche. Ankati, "Imeneyo ndi njira ya Napolo, akafuna kudutsa saodira." Ife tinkangoseka. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa osalekeza, kenako usiku tinamva chimkokomo ngati malole akukhuthula miyala. Kutacha, mwala woposa minibasi unali pomwe panali nyumba ya aneba athu, m'khwawa lomwe lija. Mpaka lero mtima wanga sunakhazikike. Agogowo ankadziwa bwanji?

Mphunzitsi wa ku Ndirande:
Pepani kwambiri, achemwali. Akuluakulu aja ankasunga mbiri ya malo. Ku Zomba Napolo anatsika mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Marichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi. Dothi la paphiri likakhuta madzi limatsetsereka pamodzi ndi miyala, ndipo limatsata makwawa akale omwewo. Mukaona miyala ikuluikulu ili mbwee m'munsi mwa phiri, inabwera ndi matope kalekale. Agogo anu ankaiona.

Gogo wa ku Manja:
Mwanawe, Napolo ndi chinjoka cha m'phiri, ndipo chilipo ndithu. Chikamasamuka, madzi amasanduka ofiira, pansi pamanjenjemera. Zikatero nyamula ana, katundu musiye.

Nachisale wa ku Chilobwe:
Zikomo, agogo. Madzi ofiirawo tinawaonadi, ndipo a zanyengo anachenjeza pa wailesi. Koma usiku umenewo, ndi ana anayi, tikanalowera kuti?