Thandizeni, supervisor wakana kafukufuku wanga

Membala wobisa dzina: Anthu a Mulungu, mutu waima. Ndili chaka chomaliza, kafukufuku wanga ndi wa maganizo a amayi oyembekezera pa zoyezetsa magazi. Ndinacheza ndi amayi 40 kwathu ku Phalombe. Ya transipoti ndinakongola kwa alamu anga, pano akundiimbira m'mawa uliwonse. Laputopu inasweka sikirini, ndikulembera pa foni, mnzanga wa m'chipinda naye amangokazinga usipa usiku wonse. Dzulo supervisor wangoona tsamba loyamba n'kuti "ethics" (malamulo oteteza anthu pa kafukufuku), basi wandibwezera. Chonsecho kosi ya ethics ndinakhoza bwinobwino! Nditani?

Malume a ku Bangwe: Ku Phalombe?! Iwe mwana, waiwala 2017? Anthu anaphedwa cha komweko powaganizira kuti ndi anamapopa. Iwe n'kumayenda m'midzi kufunsa za magazi!

Nesi Wopuma: Mwanawe, kalata ya chilolezo ya COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, unali nayo usanayambe? Nanga amayiwo anasaina kapena kudinda chala pa fomu yovomera?

Mfana wa Zigege: Usipawo ndi wa ku Nkhata Bay? Mnzakoyo umupatse moni 😂

Malume a ku Bangwe: Madokotala ndi choncho kuyambira kale. Pa kafukufuku wa ku Tuskegee ku America, kuchokera 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko ankangowaonerera, penisilini alipo. Henrietta Lacks, mayi wa ku America komweko, anamutenga maselo mu 1951 osamuuza. Werengani anthuni!

Mayi a Mapasa: Malume, mwanayu amangofunsa mafunso, jakisoni sanagwire. Ine supervisor wanga anapita kunja osatsanzika, ndinabwereza chaka chathunthu, mpaka chibwenzi chinatha.

Malume a ku Bangwe: Mayi, zimayamba ndi mafunso. He Jiankui, wasayansi uja wa ku China, anasintha majini a mapasa asanabadwe mu 2018, anakaseweza zaka zitatu kundende.

Mayi a Mapasa: Ndiye mapasa a ku China akukhudzana bwanji ndi Phalombe? Mumangofuna tidziwe kuti mumawerenga.

Nesi Wopuma: Ngati chilolezo panalibe, makomitiwa savomereza zomwe wachita kale. Pita kwa supervisor ndi mafomu onse, umufunse chomwe chikusowa. Mayina a amayiwo usawasiye mu foni.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aimbanso pompano, akuti Lachisanu akubwera okha.

Nesi Wopuma: Kalata ija unali nayo kapena ayi?